Udzu Wopaka Penti wa ku Topolnica

1. Mawu oti aloweze

Chaka chimenecho dzuwa linatikwiyira ku Topolnica. Udzu wa pabwalo la masewera unauma wonse mpaka kufiira. Paipi yothirira inaphulika ndi chisanu m'nyengo yozizira, ndipo kuyambira pamenepo inkangokonzedwa ndi pakamwa, pamisonkhano.

Njira yothamangiramo nayo inali yomvetsa chisoni. Phulusa la malasha lomwe anathiramo kalekale linali litakokoloka, ndipo pokhota pachiwiri panali dzenje lomwe mwana aliyense wa m'tauni mwathu ankalidziwa. Jagoda, mnzake wapamtima wa Bogna Zaremba, analiiwala tsiku limodzi lokha. Tsopano ankayendera ndodo.

Bogna anali mtsikana wa kusekondale, ndipo anali ndi mphatso ziwiri: miyendo yaliwiro ndi pakamwa posatopa. Aphunzitsi ankanyadira mphatso yoyambayo, koma yachiwiriyo inkawadwalitsa mutu.

Lamlungu kunali mpikisano waukulu. Mtsikana wopambana pa liwiro lozungulira bwalo kawiri ankayembekezeka kupatsidwa malo m'basi yopita ku Poznań, ku masewera a achinyamata a dziko lonse. Bogna anali asanapondeko mumzinda waukulu. Basi imeneyo ankailota ngakhale masana.

Lachisanu ali mkati mokonzekera, pabwalo panatulukira a Pietrucha, mlembi wa Chipani cholamula m'tauni mwathu. Anali munthu wamfupi, wa chikwama chachikopa, ndipo thukuta silinkawachoka pamphumi.

"Iwe ndiwe mwana wa Zaremba?" anafunsa a Pietrucha. "Akuti upambana ndiwe. Ndiye tamvetsera. Kubwera mlendo wamkulu wochokera kuchigawo, a Komredi Gajewski. Wopambana adzawapatsa maluwa, kenako adzanena mawu pa maikolofoni. Nena pambuyo panga: Ife achinyamata a ku Topolnica tikuthokoza chifukwa cha bwalo lathu lokongola. Sitisowa kanthu."

"Sitisowa kanthu?" anadabwa Bogna. "Nanga paipi ija, a Mlembi?"

"Nanga phazi langali?" anawonjezera Jagoda ali pabenchi, uku akukweza ndodo yake.

"Iwe wandodo, Lamlungu ukakhale kumbuyo kwenikweni," anatero a Pietrucha. Kenako anatembenukira Bogna n'kumwetulira kumwetulira kosafika m'maso. "Mwana wanga, basi ya ku Poznań imakwera ana odziwa kuthokoza. Ndikhulupirira wandimva."

Bogna anawamva bwino lomwe. Koma anayang'ana udzu woumawo n'kudabwa kuti kukongolako kuchokera kuti pofika Lamlungu.

2. Penti ya mathirakitala

Yankho linafika Loweruka m'mawa, pa lole ya fakitale yathu yopanga mapulawo ndi ngolo za mathirakitala. M'lolemo munatsika migolo ya penti yobiriwira, mapampu opopera, ndi azibambo ovala maovololo. Pakati pawo panali a Czesław Zaremba, bambo ake a Bogna, katswiri wopaka penti pafakitalepo.

"Ababa, mukudzapaka chiyani kuno? Mabenchi?"

"Udzu," anayankha bambo ake osamuyang'ana.

Ndipo anaupakadi. Pofika masana bwalo lonse linangoti biriwiri, kuposa munda wa tirigu wongomera kumene. Fungo lake linkafika mpaka kutchalitchi. Azibambo aja ankapopera uku akuseka okha.

"Czesiek, upake bwino pamenepo, mwina ng'ombe ya a Mlembi idzadya!" anakuwa wina poseleula a Czesław.

"Ikadya izituluka mkaka wobiriwira, nawonso tidzauthokoze pamsonkhano!"

Dzenje la pokhota lija analithira utuchi, n'kuwazapo phulusa pang'ono pamwamba. Munthu wosadziwa sakanaona kanthu.

A Kurek, nkhalamba yomwe inkaphunzitsa ana liwiro, anaima potero ndi wotchi yawo pakhosi. Iwo sanaseke. Anakodola Bogna n'kumukhazika pansi.

"Tamvera, Bogusia," anayamba a Kurek, pomuitana Bogna ndi dzina lake lachibwana. "Ine ndathamanga pa mabwalo ambiri, ndipo ndaona atsikana aliwiro kukuposa iwe. Ambiri anathera panjira, ndipo vuto silinali miyendo ayi. Ankayamba ndi kabodza kakang'ono. Ukamufunsa ngati bondo likupweteka, iye amati ayi, poopa kutsala pa ulendo. Tsiku la mpikisano bondo lija limanena lokha zoona pamaso pa anthu, koma limanena mochedwa. Bwalo nalo ndi chimodzimodzi. Mlendo akubwerayu ndi amene amasankha mabwalo oyenera kukonzedwa chaka chino. A Pietrucha akufuna kuyamikiridwa kuti amasamala zinthu. Koma mlendo akaona pobiriwira chonchi, adzati kuno zonse zili bwino, ndipo mapaipi adzapita kwina. Dzenje lija lidzatsala likudikira phazi la mwana wina."

"Ndiye ndikanene chiyani, aphunzitsi?"

"Zimenezo sindikuuza ayi. Ine ntchito yanga ndi kugwira wotchi. Basi ija ndi yeniyeni, ndipo waivutikira, ndakuona ndi maso angawa. A Pietrucha nawonso sanama, akhoza kukutsitsamo. Chilichonse chomwe ukanene, ukachinene ukudziwa zotsatira zake, kuti usadzalire kuti sunauzidwe."

3. Chenjezo la bambo

Madzulo a tsikulo kunyumba kwa a Zaremba kunali supu ya kabichi, mbatatesi ndi buledi wakuda. A Czesław anali atasamba ndi sopo kangapo, koma m'zikhadabo munali mobiriwirabe. Bogna ankangoyang'ana manja amenewo mpaka bambo ake anaika supuni pansi.

"Ndikudziwa zomwe zili m'mutu mwakomo," anatero. "Nkhope yako ndi ya mayi ako, sibisa kanthu. Tsono ndimvere ine bambo ako. Ukuganiza kuti ine sindidziwa kuti kupaka udzu ndi zopusa? Ndikudziwa. Fakitale yonse ikudziwa, ngakhale a Pietrucha akudziwa. Koma kuno timakhala choncho. Iwo amanamizira kuti zinthu zili bwino, ife timanamizira kuti takhulupirira, kenako aliyense amapita kwawo kukadya. Kuntchito kwathu kunali mnyamata wina yemwe anaimirira pamsonkhano n'kufunsa chifukwa chake tinkasowa magolovesi. Tonse tinamuombera m'manja mumtima. Sabata yotsatira anamusamutsira ku ng'anjo yosungunulira zitsulo, ndipo ali komweko mpaka lero. Mawu awo aja ndi afupi, mwana wanga. Uwanene, umeze malovu, ukwere basi. Ukakhala katswiri wotchuka udzayankhula zonse zomwe ufuna."

"Nanga wina akathyoka phazi ine ndisanatchuke?" anafunsa Bogna.

Bambo ake anatolanso supuni yawo. Kenako anamukankhira mbale ya mbatatesi.

"Idya," anatero. "Mawa uli ndi liwiro."

4. Pokhota pachiwiri

Lamlungu Misa itatha, tauni yonse inakhamukira kubwalo. Bandi ya ozimitsa moto inkaimba mwamphamvu, ngakhale kuti aliyense ankaoneka kuti akuimba nyimbo yakeyake. Ana asukulu analandira mlendo ndi buledi ndi mchere, monga mwa mwambo wathu.

A Gajewski anali munthu wamtali, wa suti yotuwa, ndi ndevu zapamlomo zoyera, zazikulu, zopesedwa bwino. Zinkaonekeratu kuti mwini wake amazikonda. Anayang'ana bwalo n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Chilimwe chonsechi, inu udzu wanu uli chonchi? Mwachita bwanji, a Komredi Pietrucha?"

"Khama, a Komredi, khama basi," anayankha a Pietrucha, chifuwa chili patsogolo. Anali ataika anyamata kuzungulira bwalo kuti munthu asaponde pa udzu.

Nthawi ya atsikana inakwana. Pafupi ndi Bogna panaima Ludka, mtsikana wa tauni yoyandikana nafe, wodziwika ndi liwiro la kumapeto.

"Bwalo lanu likununkha ngati galaja," ananong'ona Ludka.

"Ndi mafuta onunkhira a kuno," anayankha Bogna. "Uwamva bwino ukakhala kumbuyo kwanga."

Mfuti yoyambitsira liwiro inalira. Atsikana anauyatsa. Ulendo woyamba onse anali pamodzi, ndipo a ku Topolnica, omwe anali kutsogolo, anapatukira kunja pokhota pachiwiri polambalala dzenje lija monga mwa chizolowezi. Alendo anangotsatira osadziwa chifukwa chake.

Ulendo wachiwiri zinthu zinasintha. Bogna ndi Ludka anasiya anzawo kutali. Atayandikira pokhota paja, Bogna anapatukira kunja. Ludka anaona mpata mkati, ndipo analowamo ndi mphamvu zake zonse, molunjika pa utuchi paja.

"Dzenje!" anakuwa Bogna. "Ludka, kumanja! Dzenje!"

Ludka anadumpha, phazi lake linangokhudza m'mphepete, utuchi n'kuuluka. Sanagwe. Koma kukuwako kunamudyera Bogna mpweya, ndipo potulukira pokhota Ludka anali patsogolo.

"Thamanga, Bogusia, iwe wapakamwa iwe!" anakuwa Jagoda ali kumbuyo kuja, akumenya benchi ndi ndodo yake.

Apa Bogna anathamanga liwiro la mtondo wadooka. Anamupeza Ludka, anayenda naye phewa ndi phewa, ndipo pa chingwe chomaliza chifuwa chake ndicho chinafika poyamba. Bwalo lonse linaphulika ndi chisangalalo. A Kurek anayang'ana wotchi, n'kuipsompsona.

Ndiye Bogna anachita zomwe wothamanga aliyense amachita akatopa. Anadzigwetsa pa udzu, manja patsogolo. Anyamata olondera aja anali kalikiliki kuomba m'manja, ndipo palibe anakumbukira ntchito yake.

Penti ya mathirakitala imauma msanga pa chitsulo. Pa udzu siuma.

5. Ulemu wa a Gajewski

Bogna asanapume n'komwe, mayi wina anamupatsira maluwa ofiira m'manja n'kumukankhira kunsanja. A Pietrucha anali kalikiliki kukonza maikolofoni, ndipo sanaone kanthu.

Mtsikanayo anapereka maluwa. A Gajewski anali munthu woleredwa bwino, wa ulemu wakale. Anachita zomwe mwamuna waulemu amachita kwathu kuno akapatsidwa moni ndi mkazi. Anagwira dzanja la Bogna, anawerama, n'kulipsompsona.

Ataweramuka, ndevu zoyera zija zinali biriwiri.

 Anthu analuma milomo. Azimayi anabisa nkhope m'mipango. Mwina zikanatha choncho, koma bambo woimba lipenga lalikulu analephera kudzigwira, ndipo anasekera m'lipenga momwemo. Linalira ngati ng'ombe. Apa ndiye anthu anafa nalo phwete.

A Gajewski anapukuta pakamwa ndi kansalu koyera, ndipo penti inafika mpaka m'masaya. Anayang'ana kansaluko, anayang'ana dzanja la Bogna, kenako anakokera maikolofoni pakati pawo.

"Mwana wanga, dzanja lakoli latani?"

Kumbuyo kwa mlendoyo a Pietrucha ankagwedeza milomo mopanda mawu: sitisowa kanthu, sitisowa kanthu. Ndi chala ankaloza kumsewu, komwe basi imaima.

Bogna anachita mantha. Anayang'ana pokhota pachiwiri, pomwe utuchi unali mbwee. Kenako anayandikira maikolofoni.

"Ndi penti, bwana. Udzu wathu unafa kalekale chifukwa paipi inaphulika ndi chisanu, ndipo sinakonzedwe. Dzulo anaupaka penti ya mathirakitala kuti inu musangalale. Pokhota apo pali dzenje lomwe alibisa ndi utuchi. Mnzanga Jagoda anabinya phazi pomwepo, ndi uyo amubisa kumbuyoyo. Lero Ludka akanathyoka mwendo. Anandiuza kuti ndinene kuti sitisowa kanthu. Tikuthokoza kuti mwabwera, bwana, zimenezo n'zoona. Koma tikusowa paipi, ndiponso tikusowa phulusa la munjira."

Mawuwo anamveka mpaka kuseri kwa mitengo. Kuseka konse kunatha.

"Anapaka ndani?" anafunsa a Gajewski.

Bogna anatseka pakamwa, koyamba m'moyo wake. Dzina limenelo sakanalitchula.

"Ndine!" anamveka mawu pakati pa anthu. A Czesław Zaremba anali ataimirira, dzanja la zikhadabo zobiriwira lili m'mwamba. "Ndinatumidwa, ndipo ndinapaka bwino, onani nokha, palibe pomwe ndasiya. Koma mwanayo ndi wanga, ndipo sakunama."

"Nanenso ndinalipo!" anakuwa wina. Manja ena obiriwira anakwera, uku ndi uku.

A Gajewski anatsika pansanja n'kuponda pa udzu. Nsapato zinamata. Anayenda mpaka pokhota paja, anaitanitsa ndodo ya Jagoda, n'kuibaya pa utuchi. Inalowa pafupifupi theka. Anaima pamenepo kanthawi, kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ankaseka.

"Ndayendera mabwalo ambiri," anatero, "koma ili ndi loyamba kundipsompsona. Tsono mkazi wanga ndikamuuza chiyani?"

"Parafini, bwana!" anakuwa mayi wina. "Imachoka ndi parafini!"

Chisangalalo chomwe chinatsatira sichinachitikepo ku Topolnica. Bandi inaimba, ndipo mwina koyamba onse anaimba nyimbo imodzi. Ana anathamangira pa udzu n'kumadzigubuduza dala. Ludka anakumbatira Bogna, malaya ake n'kubiriwira. Mayi wina wa kamera pakhosi ankajambula zonsezi uku akupukuta misozi ya kuseka.

Munthu mmodzi yekha sanaseke. Podutsa pafupi ndi Bogna, a Pietrucha anayankhula motsitsa mawu.

"Basi ija uiiwale."

6. Malo ena okhala

Ndipo zinaterodi. Akomiti ya masewera analengeza kuti Bogna Zaremba anasokoneza mnzake pokuwa mkati mwa mpikisano, choncho malo ake apatsidwa kwa Ludka. Ludka anabwera yekha kudzapepesa, akulira. Bogna anamuuza kuti akathamangire onse awiri, koma mnzakeyo atachoka nayenso analira, ndipo analira kwambiri.

M'mawa wa ulendo, Bogna anapita kukaima pageti la bwalo. Basi inadutsa, ana akuimba m'mawindo, n'kukhotera kumsewu waukulu. Zinamupweteka, palibe chifukwa chobisira.

Fumbi la basi lisanathe, kunatulukira lole yochokera kuchigawo. Inanyamula mapaipi atsopano, ndipo kumbuyo kwake kunali ina yodzaza phulusa lakuda. A Kurek anathamangira kukatsegula geti, kuiwala ukalamba wawo.

"Bogusia, taona! Pakamwa pako pabereka mapaipi!" anakuwa Jagoda, akuvina ndi mwendo umodzi.

Bogna anaseka misozi isanaume. Ali mkati moseka, pambali pake panaima njinga yamoto yokhala ndi kangolo kokhalamo munthu m'mbali. Woyendetsa anavula magalasi. Anali mayi wa kamera uja.

"Ndine Teodora Lis, mtolankhani wa nyuzipepala ya kuchigawo," anatero mayiyo. "Tsiku lija ndinakumvetsera. Unanena chomwe chinachitika, malo ake, ndi amene anavulala, osawonjeza, osatukwana munthu. Anzanga ena akalamba pa ntchitoyi asanaphunzire zimenezo. Kukuthandiza kuti ukathamange ku Poznań sindingathe, mphamvu zimenezo ndilibe. Koma ine ndikupita ku masewera omwewo, ndipo ndikufuna munthu wa maso ndi miyendo, woti azinditolera nkhani kwa othamanga. Bambo ako ndayankhula nawo kale. Akuti ndikutenge, mwina m'nyumba mungakhaleko bata."

Pangodya ya msewu panatulukira a Czesław, akupuma wefuwefu, atanyamula kasutikesi ndi buledi wokutidwa m'pepala.

"Ukamvere mayiwa," anatero akumupsompsona pamphumi. "Ndipo ukayankhula, uziyamba wayang'ana kaye yemwe ali kumbuyo kwako. Sindikuti usayankhule. Zimenezo ndaona kuti n'zosatheka."

Bogna analumphira m'kangolomo mtima uli m'malere. Njinga inalira, Jagoda anakweza ndodo, ndipo Topolnica inayamba kutsalira m'mbuyo.

"Nkhani ya udzu ija ituluka liti, mayi?" anakuwa Bogna polimbana ndi mphepo.

"Siituluka. Akuluakulu aikana, ndi zithunzi zomwe."

"Ndiye basi yathera pomwepo?"

"Ayi. Ku Poznań kuli anzanga omwe amadziwa chochita ndi nkhani zokanidwa. Amazitayipa okha, zambirimbiri, n'kumazipatsirana m'manja. Chinthu cholimba chomwe wapondacho ndi makina awo otayipira, ndawakulunga m'bulangete. Boma silikondwera nawo makina amenewo. Wina akafunsa, uyankhe kuti ndi mbatatesi za azakhali ako."

Bogna anayang'ana bulangete lomwe linali kumapazi kwake. Anali atataya basi chifukwa chokana kunena bodza la mawu awiri okha.

"Mayi, ine kunama sindimatha."

"Ndikudziwa," anatero mayi Teodora, uku akuchepetsa liwiro. "Tauni yonse ikudziwa."

Kutsogolo kwawo, pamlatho, wapolisi anali ataima pakati pa msewu, dzanja lili m'mwamba. Sanapite kwa woyendetsa. Anazungulira njingayo n'kudzaima mbali ya kangolo, kenako analoza bulangete lija ndi ndodo yake.

"Mtsikana iwe," anatero wapolisiyo, "wapondacho n'chiyani?"